Singano ikabaya wokolopa pakati pa usiku, apite kwa yani?

Namwino wina wa m'boma la Zomba wafunsa kuti: "Mwezi watha akuluakulu a pachipatala pathu anandisankha kuti ndiziyang'anira za chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito. Sanandipatse ndalama kapena maphunziro, ndipo anzanga akuganiza kuti ntchito yanga ndi kugawa magolovesi ndi mamasiki, moti zikatha amaloza chala ine. Ndiyambire pati kuti udindowu usathere papepala?"

Mayi, udindo umene mwalandirawu ndi waukulu kuposa mmene anzanuwo akuganizira, komabe mungathe kuyamba kuugwira sabata yomwe ino ngakhale m'manja mulibe tambala. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera zipatala pa nkhani imeneyi, ndaphunzira kusayambira mu ofesi momwe mumakhala mafayilo osanjidwa bwino, chifukwa kawirikawiri chimakhala chikomekome cha mkuyu. Ndimadikira kuti kunja kude, kenako ndimapita ku wodi n'kufunsa mayi amene akukolopa kuti, singano yogwiritsidwa kale ntchito itakubayani pompano, mungatani ndipo mungapite kwa yani? Akayankha mosakayika, natchula munthu ndi chipinda, ndimadziwa kuti pamalopo ogwira ntchito akutetezedwadi. Akayang'ana pansi, kapena akanena kuti adikira kuche kuti a metironi abwere, ndimadziwa kuti zolembedwa m'mafayilo muja sizinafike kwa munthu amene zinayenera kumuteteza. Inunso muyambire pa funso limeneli, ndipo musachokepo kufikira aliyense, kuyambira dokotala mpaka mlonda wa pageti, atakhala ndi yankho lofanana.

Ndikuti muyambire apa chifukwa ngozi ya singano siidikira msonkhano. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu amene ali ndi HIV, pafupifupi atatu ndi amene amatenga kachilomboko ngati sanalandire chithandizo, ndipo chiwerengerochi chimaoneka chochepa pokhapokha wobayidwayo akakhala kuti si inu. Mankhwala a PEP, oteteza munthu wobayidwa kuti asatenge HIV, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola oyambirira, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Munthu wobayidwa Lachisanu usiku amene akudikira kuti famase itsegulidwe Lolemba m'mawa amakhala wataya kale maola oposa 50. Pakadafunda padajiwitsa galu. Choncho kambiranani ndi a ku famase ndi a ku kiliniki ya ma ARV kuti mankhwala oyambira azikhala pamalo amodzi odziwika, ofikika usana ndi usiku, ndipo kiyi wake azikhala ndi munthu amene ali pantchito nthawi imeneyo, asamapite naye kunyumba wina aliyense. Pakhoma la wodi iliyonse, m'chipinda chochapira zovala ndi kotenthera zinyalala, pakhale pepala limodzi la m'Chichewa lonena kuti wobayidwa atsuke pabalapo ndi sopo pa madzi oyenda, asafinye bala, asathirepo klorini, magazi akagwera m'maso atsukuluze ndi madzi oyera ambiri, ndipo auze woyang'anira wodi nthawi yomweyo.

Pali chopinga china chimene mapepala ambiri sachitchula, ndicho manyazi. Kuti munthu alandire PEP amayenera kuyezetsa magazi, ndipo amene amamuyeza ndi mnzake wa pantchito, yemwe adzakumane naye mawa mumsika wa Zomba kapena kutchalitchi. Ambiri amasankha kukhala chete n'kumadya mutu okha. Sankhani anthu awiri kapena atatu okhwima maganizo ndi odziwa kusunga chinsinsi kuti ndiwo aziona ogwira ntchito, zotsatira zawo zizisungidwa mwa nambala m'kabati yokhoma, ndipo amene sakufuna kuyezedwa ndi wa pamalopo aloledwe kukayezetsa ku chipatala china bola mankhwala oyambira wamwa kale. Wodwala amene magazi ake anali pasinganoyo ayeneranso kupemphedwa chilolezo asanayezedwe, koma kudikira yankho lake kusachedwetse mankhwala a wobayidwayo.

Anthu amaopa HIV, koma kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamapatsirana mosavuta kwambiri kudzera pa singano, moti nthawi zina mwa anthu 100 obayidwa amene alibe katemera, anthu ofika 30 angathe kukatenga, ndipo kamakhalabe kamoyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Katemera wake alipo, wobaya katatu m'miyezi isanu ndi umodzi. Kuno ku Malawi katemerayu analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, kutanthauza kuti ogwira ntchito amene anabadwa chaka chimenechi chisanafike sanamulandire ku sikelo. Lembani mndandanda wa ogwira ntchito onse wosonyeza amene anamaliza katemera, amene analekezera panjira ndi amene sanayambe, ndipo musaiwale ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito m'mawodi, chifukwa manja awo sanazolowere ndipo amaopa kuulula kuti alakwitsa. Mndandanda umenewu sufuna ndalama, koma ndiwo udzakupatseni mphamvu tsiku limene mudzapemphe katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma.

Chachiwiri chimene mungayambe lero ndi kaundula wa ngozi, ndipo kope wamba la chikuto cholimba likukwanira. Mulembe tsiku, ola, malo, ntchito ya wovulalayo, chimene ankachita, chithandizo chimene analandira ndi nthawi imene anachilandira. Muzilembanso ngozi zimene zikanachitika koma munthu wapulumuka, monga singano yopezeka m'thumba la zinyalala wamba kapena silinda ya okosijeni imene inagwa popanda kuphwanya phazi la munthu. Kaundula wopanda kanthu asakusangalatseni, pakuti pachipatala pamene pamabayidwa majakisoni mazanamazana pa sabata, masamba oyera amasonyeza kuti anthu akubisa. Sindidzaiwala mayi wina wochapa zofunda pa chipatala china, amene anabayidwa ndi singano yosiyidwa m'nsalu ya pabedi, nabisa masiku anayi chifukwa mnzake amene anaulula zotere m'mbuyomo anakalipiridwa pamaso pa anthu kuti ndi wosasamala. Pamene amabwera kwa ife, nthawi ya PEP inali itadutsa, ndipo tinakhala naye miyezi ingapo ya nkhawa kufikira zotsatira zinatuluka bwino. Chimene chinandipweteka n'chakuti amene anasiya singanoyo sanafunsidwe kanthu, ndipo bokosi lotayamo singano mu wodiyo linali kuseri kwa chitseko, kutali ndi mabedi. Kuchokera nthawi imeneyo, pofufuza ngozi ndimafunsa kuti chinachititsa n'chiyani, ndipo za amene walakwa ndimazisiya pambuyo. Kaundulayu ndi umboninso wa wovulalayo, chifukwa lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 limapereka chipukuta misozi kwa wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito, koma n'kovuta kukatsimikizira ku ofesi ya zantchito ngozi imene sinalembedwe paliponse.

Mukakhazikitsa ziwirizi, yendani chipatala chonse, chipinda ndi chipinda, muli ndi munthu amene amagwira ntchito mmenemo, ndipo mumufunse chimene chimamuopsa. Mudzamva zinthu zimene inu ngati namwino simunaziganizepo. Pa choopsa chilichonse, funsani poyamba ngati chingachotsedweretu. Ngati sichingachotsedwe, onani ngati malo kapena chida chingasinthidwe. Kenako onani kagwiridwe ka ntchito. Zovala zodzitetezera zibwere pomalizira, chifukwa ndizo zimang'ambika, zimatha ndiponso zimaiwalika. Apa ndi pamene maganizo a anzanu aja akuperewera. Golovesi siiletsa singano kulowa m'chala. Chimene chimachepetsa ngozi ndi kusabaya jakisoni pamene mapiritsi akanagwira ntchito yomweyo, ngakhale odwala athu ambiri amakhulupirira kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni. Kusabwezera chivundikiro pa singano. Kuika bokosi pamalo pamene dzanja la wobaya likufika. Ndi kulitseka likadzaza magawo atatu mwa anayi, osalikanikiza kuti mulowe zina. Amene wagwiritsa ntchito singano ndiye aitaye yekha, kaya ndi dokotala wamkulu. Mabokosi akatha, chigubu cholimba cha kukamwa kochepa, cholembedwa bwino, n'chabwino kuposa katoni wamba kapena ndowa yotsegula.

Poyendapo mukathere nthawi yokwanira kwa bambo amene amatentha zinyalala, chifukwa zolakwa za chipatala chonse zimakathera m'manja mwawo. Bungwe la WHO limati pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a zinyalala za m'chipatala ndi zinyalala wamba, ndipo zoopsa ndi magawo 15 otsalawo, koma zikasakanizidwa m'bini imodzi zonse zimasanduka zoopsa, katundu wopita ku ng'anjo amachuluka, ndipo bambowo amakakamizika kusankhula ndi manja. Kusiyanitsa kuchitike pomwe chinyalalacho chapangidwira: zokhala ndi magazi kapena mafinya m'bini yachikasu, zotsala za chakudya ndi mapepala m'bini yakuda, zakuthwa m'bokosi lake. Onani ngati bambowo ali ndi magolovesi ochindikala, jombo, epuloni yolimba, zoteteza maso ndi chitsulo chokokera phulusa, ngati ng'anjoyo ili ndi mpanda woletsa ana ndi agalu, ndiponso ngati ali ndi posamba asanapite kwa banja lawo. Ngati okolopa, alonda kapena otentha zinyalala analembedwa ndi kampani ya kontirakiti, pulogalamu yanu iwakhudze chimodzimodzi, ndipo pemphani kuti katemera ndi zovala zawo zilembedwe m'pangano la kampaniyo.

Pa chifuwa chachikulu cha TB, chida chanu champhamvu ndi mpweya woyenda. Kuno ku Zomba, m'miyezi ya June ndi July mphepo yochokera kuphiri ikamawomba, odwala ndi magadiyani amatseka mazenera onse, ndipo namwino wa usiku amakhala maola ambiri akupuma mpweya womwewo ndi munthu amene akutsokomola. Pemphani mabulangete owonjezera kuti mazenera a mbali ziwiri zoyang'anana akhale otsegula, ndipo mazenera amene anakhomeredwa ndi misomali kapena kutchingidwa ndi makabati akonzedwe. Pa OPD, pamene pamaonedwa odwala osagonekedwa, pakhale munthu wofunsa za chifuwa pamzere pomwepo, kuti wotsokomola apatsidwe masiki, adikire pakhonde lopita mphepo ndipo aonedwe mwamsanga. Kumbutsani anzanu kuti masiki wamba imavalidwa ndi wodwala kuti asafalitse tizilombo, pamene wogwira ntchito amatetezedwa ndi masiki yapadera ya N95 yogwira bwino kumaso, ndipo ma N95 akachepa asungidwire a ku wodi ya TB, a ku labotale ndi otenga makhololo. Ogwira ntchito onse aziunikidwa za TB chaka ndi chaka, ndipo amene ali ndi HIV apatsidwe mwayi wosamukira kumalo kopanda chiopsezo chachikulu popanda kufotokozera gulu chifukwa chake.

Klorini naye afunika maso anu, makamaka kwa ife oyandikana ndi nyanja ya Chilwa kumene kolera si mlendo. Mliri wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti madzi a klorini ali ndi miyezo yosiyana: wa 2 peresenti ndi wa chimbudzi ndi masanzi a wodwala kolera, wa 0.2 ndi wa pansi ndi mabedi, wa 0.05 ndi wosamba m'manja, ndipo pa magazi otayika timagwiritsa ntchito wa 0.5. Wokolopa amene sanaphunzitsidwe amasungunula mongoyerekeza, akuganiza kuti fungo lamphamvu ndilo ukhondo, mapeto ake manja amasupuka ndipo chifuwa chimabanika. Lembani miyezo pa ndowa zenizenizo pogwiritsa ntchito sipuni ndi chigubu chimene amachidziwa, asungunule watsopano tsiku lililonse, asamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, ndipo klorini wa ufa asungidwe pouma, kutali ndi mafuta a jenereta.

Zina ndingozitchula mwachidule, ngakhale kuti nazonso zimavulaza. Masilinda a okosijeni amangiriridwe ku khoma ndipo asayandikire moto kapena girizi. A ku X-ray akhale ndi maepuloni a mtovu osang'ambika ndi timabaji toyeza cheza, ndipo bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority ndilo loyang'anira zimenezi m'dziko muno. Ku mochale ndi ku labotale, fomalini, mankhwala osungira mitembo ndi zokayezedwa kuti zisaole, afuna chipinda chopita mphepo. Zitseko zothawira moto zisakhomedwe ndi loko poopa akuba pamene kiyi wake sakudziwika kumene ali, ndipo wodi iliyonse ikhale ndi tochi yogwira ntchito, pakuti magetsi akazima namwino ali ndi singano m'manja, masekondi amene jenereta ikulira kuti idzuke ndi okwanira kuti ngozi ichitike.

Koma msana, nkhanza ndi kutopa ndisazidutse mothamanga, chifukwa anamwino athu anazolowera kuziona ngati mbali ya ntchito imene munthu sadandaula nayo. Kunyamula wodwala wamkulu uli wekha pa bedi losakwezeka kumawononga msana pang'onopang'ono, ndipo kukonza matayala a matirole ndi njinga za odwala, pamodzi ndi lamulo loti onyamula azikhala awiri kapena atatu, kumateteza anthu ambiri kuposa mankhwala opha ululu. Kutukwanidwa kapena kumenyedwa ndi gadiyani wokwiya ndi ngozi ya pantchito, ilembedwe m'kaundula ngati zinazo. Nthawi zambiri mkwiyowo umayamba ndi kudikira popanda womuuza munthu chimene chikuchitika, choncho kufotokozera anthu pamzere, kuunikira makonde ndi kuika mlonda pafupi ndi kolandirira odwala usiku kumachepetsa zambiri. Wodwala amene wasokonezeka maganizo ndipo akudikira kutumizidwa ku Zomba Mental Hospital asaonedwe ngati mdani, komanso asasiyidwe ndi wogwira ntchito mmodzi amene sanaphunzire kumukhazika mtima pansi. Pa za kutopa, yang'anani ndandanda wa ntchito ndi maso a chitetezo: munthu amene wagwira usiku wonse n'kupitiriza lokamu (ntchito ya maola owonjezera yolipidwa padera) masana ndiye amabayidwa, ndiye amalakwitsa muyezo wa mankhwala. Ndikudziwa kuti anthu ndi ochepa ndipo ndalama ya lokamu imathandiza mabanja, koma ngati kaundula wanu asonyeza kuti ngozi zikuchuluka kumapeto kwa mashifiti ataliatali, akuluakulu ayenera kuziona zimenezo zitalembedwa.

Tsopano za akuluakuluwo. Udindo woteteza ogwira ntchito ndi wa olemba ntchito, ndipo kusankhidwa kwanu sikunawachotsere udindowo. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la chaka cha 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito awo ali otetezeka, limati zovala zodzitetezera ziperekedwe popanda wantchito kulipira, ndipo limafuna komiti ya chitetezo pamalo pamene pali antchito oposa 50. Mu 2019 dziko lathu linavomerezanso mapangano a bungwe la zantchito padziko lonse la ILO a nambala 155 ndi 187 okhudza chitetezo ndi umoyo pantchito. Pitani kwa woyang'anira chipatala mwaulemu, mupemphe kalata yofotokoza ntchito yanu, maola amene mwapatsidwa pa sabata kuti muigwire, ndi munthu amene muzipereka malipoti kwa iye. Popanda maola olembedwa, ntchitoyi idzamezedwa ndi ya mu wodi. Mutu umodzi susenza denga, choncho pemphani komiti, koma ikhale yaing'ono ndipo mukhale wokolopa, wa ku labotale, wokonza zowonongeka, wa ku famase, woimira anamwino ndi azamba, ndi mmodzi wa akuluakulu amene ali ndi mphamvu yosainira ndalama. Wokolopayo apatsidwe mpata wolankhula poyamba, ndipo msonkhano uchitike m'Chichewa. Ngati pachipatala panu pali kale komiti yopewa kufala kwa matenda kapena gulu la QIST loona za ubwino wa ntchito, musapikisane nawo, chifukwa anthu ake ndi omwewo ndipo nthawi ndi yochepa. Pemphani kuti chitetezo cha ogwira ntchito chikhale mutu wokhazikika pa misonkhano yawo.

Ku msonkhano wa akuluakulu musapite ndi madandaulo ambirimbiri. Tengani pepala limodzi mwezi uliwonse losonyeza ngozi zimene zalembedwa, angati mwa obayidwa anayamba PEP tsiku lomwelo, angati amaliza katemera, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mukupempha, chilichonse ndi mtengo wake, woti achite ndi tsiku lomalizira. Funsani a ku akaunti nthawi imene bajeti ya chaka chamawa imakonzedwa, kuti katemera, mabokosi a singano, jombo ndi kudzazitsa zozimitsira moto zilowe m'menemo zikadali nthawi, pakuti chimene sichinalembedwe m'bajeti chimadalira chifundo cha munthu.

Pa nkhani ya magolovesi imene ikukuvutitsaniyo, kuitanitsa ndi kusunga katundu ndi ntchito ya a ku famase ndi a ku sitolo, ndipo kalata ya udindo wanu inene zimenezo momveka kuti anzanu aleke kukulozani chala. Mbali yanu ndi kulemba masiku amene wodi iliyonse inakhala yopanda magolovesi, mamasiki kapena mabokosi, ndi kupereka chiwerengerocho kwa akuluakulu pamodzi ndi ngozi zimene zinachitika m'masiku omwewo. Yang'ananinso kumene magolovesi akuthera, chifukwa poyeza BP, popereka mapiritsi kapena polemba m'fayilo safunika, kusamba m'manja n'kokwanira, ndipo amene amavala peyala imodzi kuchoka pa bedi loyamba kufika lomaliza amadzinamiza yekha kwinaku akufalitsa tizilombo kwa odwala. Katundu akachepa, gwirizanani ndi a metironi kuti oyamba kupatsidwa akhale a ku chipinda chochilira, a ku fiyeta, a ku labotale ndi onyamula zinyalala, ndipo mgwirizanowo ulembedwe n'kupachikidwa pa chitseko cha sitolo tsiku la kusowa lisanafike.